Kuyamba Masewera Olimbitsa Thupi Anthu Akukuyang'ana

Chaka ndi chaka nyengo yozizira ikafika pachimake, kawirikawiri m'mwezi wa Julaye, anthu mazanamazana amasonkhana pa Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje, kudzathamanga mpikisano wa Porters Race. Njira yake imayambira pa Likhubula pomwepo, n'kukwera chikweza chowawa mpaka ku Chambe, n'kudutsa kukafika ku Lichenya, kenako n'kutsetsereka kubwerera pomwe anayambira. Ndi mtunda wa makilomita opitirira 20, wodutsa m'miyala ndi m'mitsinje, ndipo malo ena munthu amachita kugwira ndi manja. Alendo odzaona phiri amauyenda masiku awiri kapena atatu, akugona m'tinyumba ta m'phirimo. Akatswiri amaumaliza m'maola awiri ndi mphindi zowerengeka, ndipo mwa othamangawo mumapezeka ena opanda nsapato kuphazi.

Mpikisanowu unayamba m'zaka za m'ma 1990 uli wa anyamata onyamulira alendo katundu ndi owalondolera njira okhaokha. Pambuyo pake unatsegulidwa kwa aliyense, amayi ndi abambo, akuno ndi akunja. Edson Kumwamba, yemwe dzina lake lamveka m'mipikisano ya m'mapiri ku South Africa mpaka ku Ulaya, anakulira m'boma lomweli.

Munthu woonerera, yemwe akangokwera kachitunda ka kumsika amafika ali wefuwefu, akaona zimenezi amapukusa mutu. "Awa anabadwa choncho," amatero, "ife zimenezi si zathu." Ganizo limeneli lakhazika pansi anthu ambiri omwe kuchipatala anawauza kale kuti ayambe kuyendetsa thupi. Chonsecho wonyamula katundu uja sanabadwe akudziwa njira ya ku Chambe. Anayamba ali kamnyamata kutsatira akuluakulu kokatola nkhuni, akupuma pamwala uliwonse, miyendo ikunjenjemera potsika. Patapita miyezi anali akucheza pokwera. Kulimba mtima komwe timamuona nako lero kunabwera pambuyo pa maulendowo, ndipo woyamba kumene asadikire kuti kumupeze ali khale pampando.

Albert Bandura, katswiri wa za maganizo a anthu wa pa yunivesite ya Stanford ku America, analongosola zimenezi mu 1977. Iye anati chomwe chimachititsa munthu kuyamba chinthu chovuta, n'kusachisiya zikathina, ndi kukhulupirira kuti iyeyo angachithe, ndipo anatchula komwe chikhulupiriro chotere chimachokera. Gwero lamphamvu kuposa onse ndi zomwe munthu wachitapo yekha n'kuzikwanitsa. Lotsatira ndi kuona wina wofanana naye akuzichita. Mawu olimbikitsa ochokera kwa ena amathandizanso, koma sachedwa kusuluka ngati palibe chochitika chowaikira umboni. Lomaliza ndi momwe munthu amatanthauzira zomwe thupi lake likumva: mtima ukamagunda kwambiri, thukuta lili kamukamu, wina amati "ndikufa ine", wina amati "thupi layamba kugwira ntchito".

Ngati gwero lalikulu ndi zomwe wakwanitsa, ndiye kuti ntchito ya sabata yoyamba ikhale yochepa moti sungailephere. Malangizo omwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2020 amati munthu wamkulu aziyendetsa thupi mwamphamvu pang'ono, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena mphindi 75 mpaka 150 ngati ndi masewera othetsa mpweya monga kuthamanga, n'kuonjezerapo zolimbitsa minofu masiku osachepera awiri pa sabata. Koma malangizo omwewo amanenanso kuti pang'ono n'chabwino kusiyana ndi kusachita konse, ndipo kuti woyamba ayambe ndi zochepa n'kumaonjezera. Mphindi 150 ndi kumene tikupita. Poyambira pakhoza kukhala mphindi 10, kuchoka pakhomo kukafika pomwe pathera munda wa tiyi n'kubwerera. Wochita zimenezi masiku anayi ali ndi umboni m'manja kuti angathe. Wodzuka Lolemba n'kuthamanga ola lathunthu chifukwa chokwiya ndi mimba yake, Lachitatu amakhala akutsimphina, ndipo zomwe waphunzirapo n'zoti masewerawa si ake. Paja kuthamanga si kufika.

Gwero lachiwiri lija likutiuzanso kanthu kena. Katswiri wa Porters Race ndi wosangalatsa kumuonerera, koma sangakupatse mtima woyambira, chifukwa moyo wake ndi wako zatalikirana. Wokupatsa mtima ndi mphunzitsi mnzako wa zaka 48, wathupi ngati iwe, yemwe chaka chatha ankalephera kukwera kachitunda ka kusukulu osapuma koma lero amakakwera akuyankhula.

Amene mutuwu ukuwanena

Wina angadabwe kuti ku Mulanje, komwe anthu amalima, kuthyola tiyi, kupalasa njinga yodzaza ndi nanazi ndi kutsika m'phiri ndi mitolo ya nkhuni pamutu, kungafunikenso kuphunzitsana zolimbitsa thupi. Koma moyo wa pa boma, pa Chitakale, pa Limbuli ndi pa Muloza wasintha. Wogulitsa m'golosale amakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Kalaliki amachoka pakhomo pa kabaza n'kubwereranso pa kabaza. Kafukufuku yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri ndithu sankadziwa n'komwe. Si matenda a mabwana a m'tauni okha, chifukwa anawapeza ndi kumidzi komwe.

Anthu oterewa nthawi zambiri amadziwa kale kuti akufunika kuyamba. Namwino anawauza, kabuku ka kuchipatala kanalembedwa. Chowagwira mwendo ndi manyazi.

Taganizirani mayi wa pakati pa zaka 40 ndi 50, mphunzitsi wodziwika m'dera lonse, akutuluka m'mawa ndi nsapato zofewa zomwe wagula pa kaunjika. Sanapite patali, wakabaza waima pambali pake: "Tiyeni tikunyamuleni madamu, musavutike!" Pamjigo amayi atula zidebe: "Kodi kwagwanji aphunzitsi, mukufulumira chotere?" Gogo wina akusesa pabwalo waima ndi tsache m'manja, kufunsa ngati kusukulu kuli bwino. Ana omwe amawaphunzitsa akuseka chobisa kuseri kwa mpanda. Kwathu kuno munthu wamkulu amayenda mwaulemu wake, ndipo akamathamanga ndiye kuti kwachitika zinazake: mwina matenda, mwina moto, mwina akuthamangitsa wakuba. Kuyenda mofulumira popanda komwe ukupita kumaoneka ngati kupenga kapena matama a anthu ophunzira. Mayi ameneyu akabwerera kunyumba, miyendo ilibe vuto lililonse, koma m'makutu mwake mukadali mafunso aja.

Akatswiri a za maganizo anayezapo nkhani ya maso a anthuyi. M'chaka cha 2000, Thomas Gilovich wa pa yunivesite ya Cornell ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku momwe ankaveka ophunzira malaya okhala ndi chithunzi cha woimba Barry Manilow, omwe achinyamata apanthawiyo ankachita nawo manyazi, n'kuwalowetsa m'chipinda momwe munali anzawo. Ovalawo ankaganiza kuti pafupifupi theka la anthu m'chipindamo laona chithunzicho. Atafunsidwa, anapezeka kuti omwe anachiona anali pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse. Timadziona ngati tili pakati pa bwalo pomwe anzathu ali kalikiliki ndi zawo.

Komabe ndinene mosabisa kuti mudzi wa ku Mulanje si chipinda cha pa Cornell. Kuno anthu amayang'anadi, amafunsadi, ndipo madzulo nkhaniyo imakambidwadi pamoto. Kuuza woyamba kuti palibe akumuona n'kumunamiza. Choona n'chakuti chachilendo sichikhalitsa. Sabata yoyamba ndiwe nkhani, koma pofika mwezi anthu amakhala atazolowera, ndipo tsiku lomwe sunadutse ndi pomwe amafunsa ngati wadzuka bwino. Choonanso china n'chakuti ambiri mwa mafunsowo si chipongwe: ndi moni wa kwathu, woti munthu sadutsa mnzake ali duu. Yankho lalifupi limathetsa nkhani. "Adokotala anandiuza ndiziyenda, magazi akuthamanga." Mawu amenewa sawatsutsa munthu, ndipo kawirikawiri wofunsayo amayamba kufotokoza za mayi ake omwe ali ndi vuto lomwelo. Wosafuna kuulula za umoyo wake angoti "ndikuwongola miyendo", n'kupitirira. Ndipo palibe cholakwika kuyamba mobisala: mbandakucha anthu asanadzuke, m'tinjira ta m'mbali mwa minda, kapena kuseri kwa nyumba ndi chingwe cholumphira. Amayi akasankha mbandakucha asayende okha.

Pali manyazi ena ozama kuposa awa. Kwa ambiri a ife kunenepa ndi chizindikiro chakuti munthu akudya bwino, banja lili pamtendere, ntchito ikulipira. Kuonda kumadzutsa manong'onong'o. M'zaka zomwe Edzi inasesa mabanja, ndipo maboma a kummwera ngati Mulanje ndi Thyolo anakhudzidwa kwambiri, anthu anaphunzira kuyeza umoyo wa mnzawo poyang'ana masaya ndi khosi. Lero mankhwala otalikitsa moyo alipo, koma diso lija lidakalipo. Mayi akatsika thupi, apongozi amayamba kufunsa ngati mwana wawo akumusamala, bambo akatsika anzake amamuyang'ana cham'mbali. N'chifukwa chake ndimaona kuti n'kwanzeru kuuziratu a m'nyumba zisanayambe kuoneka. Mwamuna kapena mkazi wako, apongozi, ngakhale mnzako wa kumpingo, akadziwa chomwe ukuchita ndi chifukwa chake, iwowo ndi omwe amakuyankhira pomwe iwe palibe.

Amayi ali ndi mtolo winanso, wa zovala. Lamulo la mu 1973 linaletsa amayi m'Malawi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi pagulu, ndipo linathetsedwa pomwe dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri. Lamulo linapita koma maganizo anatsalira, moti mu Januwale 2012 amayi ena anavulidwa m'misewu ya m'mizinda yathu chifukwa chovala mathalauza. Mayi wa kumudzi woopa kutuluka ndi thalauza yothina ali ndi chifukwa chomveka. Koma thupi silifunsa kuti wavala chiyani. Siketi yotakasuka, kapena chitenje pamwamba pa thalauza, n'zokwanira kuyenda nazo ndawala. Chofunika kusamala nacho ndi nsapato yosaluma ndi yosaterera pamatope.

Ntchito ndi masewera

Nanga wothyola tiyi, yemwe amakhala chiimire tsiku lonse dengu lili kumsana, tingamuuze kuti sachita masewera? Mu 2007, Alia Crum ndi Ellen Langer a pa yunivesite ya Harvard anafalitsa kafukufuku wa amayi 84 okonza zipinda m'mahotela 7. Ambiri mwa amayiwa ankadziona ngati anthu osalimbitsa thupi, chonsecho ankakhalira kuwerama, kukolopa ndi kunyamula. Gulu lina analiuza kuti ntchito yawoyo ndi masewera okwanira, lina sanaliuze. Patatha masabata anayi, gulu louzidwa lija linapezeka kuti latsikako thupi ndipo magazi akuthamanga mocheperako. Ndi kafukufuku mmodzi wa anthu ochepa, choncho asatengedwe ngati lamulo. Chomwe ndikutolapo ine n'chakuti anthu ambiri amayamba akudzinyoza kuti ndi aulesi ndi ofooka, pomwe thupi lawo lasenza madzi, lalima mizere ndi kubereka ana kumsana zaka zambirimbiri. Munthu wotere sakuyambira pansi penipeni.

Izi sizikutanthauza kuti ntchito yolemetsa imakwanira pa zonse. Kuwerama maola ambiri ndi katundu kumsana, popanda kupuma mokwanira, kumathyola msana ndi maondo. Wogwira ntchito yotere safunika kuonjezera kuthamanga. Chomuthandiza ndi kudziwongola, kulimbitsa minofu ya pamimba ndi kumsana, kudya mokwanira ndi kugona. Komanso ntchito ya kumunda imayenda ndi nyengo: dzinja thupi limagwira ntchito mopitirira, chilimwe ena amangokhala.

Kupweteka koyenera ndi kosayenera

Ena amasiya pa tsiku lachitatu chifukwa cha kupweteka kwa minofu. Minofu yomwe yagwira ntchito yosazolowera simapweteka nthawi yomweyo. Ululu umayamba patapita maola angapo, umafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72, kenako umazirala wokha sabata isanathe. Aliyense amene anakwerapo phiri la Mulanje koyamba akudziwa: tsiku lotsika umafika pansi ukuseka, koma m'mawa mwake ntchafu zili gwaa, kukhala pampando umachita kugwirira khoma, ndipo masitepe umawatsika cham'mbali ngati wathyoka. Chovulaza kwambiri ndi kutsika, osati kukwera, chifukwa potsika minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ya mabuleki a njinga yolemedwa pamtsetse: imakokeka kwinaku ikukaniza kulemera kwa thupi lonse. Zimenezi zimasiya timabala tosaoneka ndi maso m'kati mwa minofu, ndipo thupi likamatikonza limamanga molimba kuposa kale. N'chifukwa chake ulendo wachiwiri wofanana ndi woyambawo supweteka ngati poyamba.

Wodziwa zimenezi akadzuka ndi ululu sachita mantha, amangoyenda pang'onopang'ono tsikulo mpaka thupi limasuke. Wosadziwa amati wadzivulaza, mwinanso wina wamuponda, n'kupachika nsapato.

Koma pali ululu wina wosafunika kuulimbira mtima. Kupweteka kapena kuthina pachifuwa, makamaka kukamafalikira kudzanja, kukhosi kapena kunsagwada. Chizungulire kapena kukomoka. Kubanika kopitirira ntchito yomwe ukugwira. Mtima kugunda modumphadumpha. Kupweteka kobaya pamfundo kapena kutupa kwa bondo. Zikatere imani, ndipo pitani kuchipatala. Yemwe ali ndi matenda a shuga, a mtima kapena kuthamanga kwa magazi, ndiponso mayi woyembekezera, ayambe wakambirana ndi achipatala, ndipo asasiye mankhwala poganiza kuti masewera alowa m'malo mwake. Poyeza ngati liwiro lili loyenera, yesani kuyankhula mukuyenda. Ngati mukutha kucheza koma simungathe kuimba, muli pabwino. Ngati mawu akutuluka amodziamodzi, chepetsani.

Pa nkhani yoyeza, sikelo ndi bwenzi losadalirika kwa woyamba. Kulemera kwa thupi kumasintha tsiku ndi tsiku malinga ndi madzi, chakudya ndi mchere, ndipo masewera paokha, popanda kusintha kadyedwe, satsitsa thupi mofulumira monga anthu amayembekezera. Woyembekeza kuti mimba iphwa m'masabata awiri amagwa ulesi, chonsecho phindu layamba kale kumalo komwe sakuyang'ana: tulo tabwino, mtima wopepuka, magazi oyenda modekha. Nazonso zithunzi za pa Facebook ndi TikTok za anthu a minofu yotumphuka zimajambulidwa posankha kuwala ndi kaimidwe, ndipo ena mwa iwo imeneyo ndiyo ntchito yawo yowadyetsa. Choyezera chabwino ndi chitunda chomwe mumadutsa masiku onse. Mwezi watha munkapuma kangati pochikwera, ndipo lero mwapuma kangati?

Woyenda ndi mnzake amapirira kuposa woyenda yekha, ndipo maso a anthu akagawikana pa anthu atatu salemeranso. Magulu alipo kale: amayi a kumpingo, a banki m'khonde, aphunzitsi a sukulu imodzi, timu ya ntchemberembaye ya m'mudzi. Kulinso magule. Tchopa, gule wa Alhomwe yemwe bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu apadziko lonse mu 2014, ndipo amavinidwa pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe pa Chonde, amatulutsa thukuta kuposa kuyenda ndawala, koma palibe anafunsapo wovina kuti kwagwanji. Gogo yemwe sangalole kuoneka akuthamanga pamsewu amavina pachinkhoswe mpaka fumbi kobo.

Chomaliza kuchiganizira ndi kudukiza, chifukwa kudzachitika ndithu. Mulanje ndi limodzi mwa madera omwe kumagwa mvula yambiri m'dziko muno. Dzinja njira zimaterera, ndipo m'miyezi yozizira chiperoni, kamvula kamawawa kochokera cha ku Mozambique, kamatha kukuta phiri ndi midzi masiku angapo, moti kutuluka m'bulangete m'mawa ndi nkhondo. Kukagwa maliro mudzi wonse umaima. Malungo akabwera amagwetsa aliyense. Phillippa Lally ndi anzake a pa University College London anatsatira anthu 96 omwe ankayesa kuzolowera chinthu chatsopano tsiku ndi tsiku, monga kudya chipatso kapena kuyenda. Anapeza kuti pamafunika nthawi yotalikirapo kusiyana ndi momwe ambiri amaganizira kuti chinthu chilowe m'magazi: pakatikati anali masiku 66, koma ena 18 okha, ena mpaka 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunkagwetsa chizolowezicho.

Chomwe chimagwetsa ndi zomwe munthu amadziuza akaphonya, zoti "ndimadziwa kale kuti ine sindingathe". Ndi bwino kukonzekeratu. Tsiku lamvula muli zochita m'nyumba: kukhala ndi kudzuka pampando maulendo 10 osagwirira, kukankha khoma ndi manja, kukwera ndi kutsika pa sitepe ya pakhonde. Sabata ya maliro isiyeni ipite, si nthawi yake. Mukadwala malungo malizani mankhwala onse, dikirani kutentha thupi kuthe ndipo chilakolako cha chakudya chibwerere, kenako yambirani pa theka la zomwe munkachita musanadwale, n'kumaonjezera sabata ndi sabata.